Nsomba zidikire kaye, tiyambe taweta mabakiteriya

Ku England kunali goldfish ina, nsomba yoweta m'galasi, dzina lake Tish. Kamnyamata kena kanaipata pa masewera a pachionetsero mu 1956, ndipo nsombayo inafa mu 1999 ili ndi zaka 43, mamba atachita kutuwa ndi ukalamba. Imeneyo inali ya mwayi wapadera, koma zaka 10 kapena 15 ndi moyo wamba wa goldfish yosamalidwa bwino. Nanga bwanji kuno ukangonena kuti ukufuna kugulira mwana nsomba za m'galasi, aliyense amakuyankha kuti, "Aaa, zija sizikhalitsa, mwezi umodzi zatha"?

Sikuti akunama. Akunena zimene anaona ndi maso. Koma mlandu si wa nsombayo. Goldfish ndi ya mtundu wa carp, anthu a ku China anayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo ndi yopirira kwabasi: kuzizira imatha nako, madzi amatope sidandaula nawo. Chimene chimaipha m'mwezi woyamba ndi madzi omwe ife timawayang'ana n'kunena kuti ndi oyera mbee.

Nsomba iliyonse ikadya, thupi lake limatulutsa ammonia. Yambiri imatulukira m'makha, momwe nsomba imapumira, ina imachokera ku ndowe ndi chakudya chotsala chikamawola pansi. M'nyanja kapena mumtsinje zilibe kanthu chifukwa madzi ndi ambiri. M'thanki ya malita 60 ammonia ilibe kolowera, imangounjikana, ndipo ilibe mtundu woti n'kuiona. Tsono goldfish ndi yadyera. Ilibe chifu chenicheni, chakudya chimangodutsa m'matumbo, ndiye imadya kosalekeza n'kumaipitsa madzi kuposa tinsomba tina ta msinkhu wake. Ammonia ija imawotcha makha. Nsomba imayamba kukhala pamwamba n'kumayasamula, zipsepse zitafinyika, pena timizere tofiira tikuoneka kumchira. Mwini wake amati ili ndi njala, amathira chakudya china, zinthu n'kumaipirabe. Wina amati ndi uve, amachotsa nsomba, kutsuka zonse ndi sopo, n'kudzaza madzi apampopi. Pamenepo ndiye wamaliziratu.

Za timbale tagalasi tozungulira tija sindichulutsa gaga m'diwa. Mzinda wa Rome unaletsa kusungiramo nsomba mu 2005, ndipo ndikuona kuti unachita bwino. Goldfish wamba imakula mpaka masentimita 20 kapena 30. Zamichira yotambalala zija, zonenepa thupi, imodzi imafuna malita pafupifupi 75, ndipo iliyonse yowonjezera ifunanso ena 40.

Chopulumutsa nsomba m'thanki ndi mabakiteriya a magulu awiri. Gulu loyamba limadya ammonia n'kuisandutsa nitrite. Nitrite nayonso ndi poizoni: imalowa m'magazi kudzera m'makha n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, magaziwo amasanduka abulauni, moti nsomba imabanika m'madzi omwe mpweya ulimo wokwanira. Gulu lachiwiri limadya nitrite ija n'kutulutsa nitrate, imene nsomba imatha kukhala nayo ikakhala yochepa, ndipo ife timaichotsa posintha madzi. Katswiri wina, Sergei Winogradsky, ndi amene anasonyeza cha m'ma 1890 kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi magulu awiri olandirana. Kwa zaka zambiri oweta nsomba ankaloweza mayina awiri, Nitrosomonas ndi Nitrobacter, mpaka mu 1998 pamene Timothy Hovanec ndi anzake anapima masefa a mathanki n'kupeza kuti wodya nitrite m'menemo kwenikweni ndi Nitrospira. Mayinawa musavutike nawo. Ndawatchula chifukwa cha mabotolo a mabakiteriya ogulitsa, amene ndiwanena kutsogoloku.

Zofunika kuzidziwa za mabakiteriyawa ndi ziwiri. Sayandama m'madzi, amamatirira pa zinthu: pa siponji ya m'sefa makamaka, pa timiyala tapansi, pa galasi. N'chifukwa chake kutunga madzi m'thanki yakale n'kuthira m'yatsopano sikuthandiza kwenikweni. Chachiwiri, amaswana mochedwa. Mabakiteriya owoletsa chakudya amawirikiza kawiri m'mphindi 20 kapena 30, pamene awa amatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu. Thanki yatsopano ndiye imafuna masabata 4 mpaka 6, pena 8, kuti sefa ikhwime. Nsomba ikalowa tsiku loyamba, masabata onsewo imakhala ikusambira m'poizoni wake womwe.

Ine ndimakonda njira yoyamba popanda nsomba. Thanki yanga ndi ya malita 120, ili ndi sefa ya siponji yoyendera pampu ya mpweya. Ndinadzaza madzi, ndinathira mankhwala ochotsa klorini, ndinayatsa pampu, kenako ndinayamba kudyetsa thanki yopanda kanthu. Mabakiteriya aja amabwera okha, ali paliponse, chawo n'chakudya basi. Ngati mungapeze kabotolo ka ammonium chloride kogulitsira ntchito imeneyi, ndiye njira yaukhondo kwambiri: mumadonthezera mpaka choyezera madzi chionetse 2 ppm, kutanthauza mamiligiramu 2 pa lita. Ngati palibe, chakudya cha nsomba chomwecho chimagwira ntchito, kutsina pang'ono tsiku ndi tsiku kuti chiziwola. Usipa umodzi womangidwa m'kansalu nawonso umatulutsa ammonia yokwanira, koma fungo lake pabalaza mukakambirane kaye ndi mayi a kunyumba. Ammonia yotsukira m'nyumba samalani nayo: gwedezani botolo, likachita thovu losatha ndiye kuti muli sopo, lisiyeni. Feteleza wakumunda ayi, simudziwa china chimene anasakanizamo.

Apa ndi pamene choyezera madzi chimalowa, ndipo ndinene mosapsatira: amene ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi, choyezera kapena nsomba, agule choyezera. Chimadula kuposa nsomba zenizenizo, inde, koma popanda icho mukungolosera. Changa ndi cha kampani ya API, cha timabotolo tamadontho, ndipo anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg. Timapepala tongoviika tija n'tosavuta, koma tambiri timayeza zinthu zisanu kapena zisanu n'chimodzi n'kusiya ammonia, chinthu chomwe mukufunitsitsa kudziwa sabata zoyambazo. Ndiponso chinyezi cha m'dzinja chikangolowa m'kabotolo kake, mitundu yake siidalirikanso.

Kayezedwe kake ndi aka. Kagalasi kalikonse kali ndi mzere pa mamililita 5. Mumakatsukuluza ndi madzi a m'thanki omwewo, n'kudzaza mpaka pamzere. Pa ammonia mumadonthezera madontho 8 a botolo loyamba ndi 8 a lachiwiri, botolo litaima chozondoka bwinobwino kuti madontho akhale ofanana, kutseka, kugwedeza, n'kudikira mphindi 5. Akakhala achikasu ndiye ziro. Akayamba kubiriwira ndiye ammonia ilipo, ndipo kubiriwira kukamanka kukuda ndiye ikuchuluka. Nitrite ndi madontho 5 a botolo limodzi: mtundu wa kumwamba kopanda mitambo ndi ziro, pepo ndi ngozi. Nitrate ndiyo imapusitsa anthu. Botolo lake lachiwiri lili ndi ufa umene umakhazikika pansi, ndiye lifunika kuligwedeza mwamphamvu masekondi 30, ine ndimachita kulimenyetsa pachikhatho, kenako mutadonthezera 10 ndi 10, kagalasiko mukagwedezenso mphindi yathunthu musanadikire mphindi 5 zija. Mukachita ulesi pamenepa, madzi amaoneka achikasu, inu n'kumasangalala kuti nitrate palibe, chonsecho ili thoo.

Mitunduyo muziiwerengera pawindo masana, kagalasi katatsamira poyera pa khadi lake. Babu la m'nyumba limanamiza, makamaka pakati pa 0 ndi 0.25 pa ammonia, pomwe chikasu ndi kubiriwira pang'ono zimafanana. Mukakayikira, yezani madzi akumwa a m'botolo pambali n'kufananitsa tiwirito. Ndipo muzilemba. Kope la sukulu ndi lokwanira: tsiku, ammonia, nitrite, nitrate, pH (muyeso wa asidi m'madzi, nambala ikatsika ndiye asidi wachuluka). Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Nkhani imaoneka mukayang'ana mzere wonse kutsika tsamba.

Masiku oyamba palibe chimene chimachitika. Ammonia imangokhala pomwepo, biriwiri, mawa biriwiri, mkuja biriwiri. Pena madzi amachita mbuu ngati mwathiramo mkaka, ndipo anthu ena amasangalala kuti mabakiteriya afika. Amenewo ndi ena, odya zowola, amatha okha pakapita masiku. Kenako tsiku lina kubiriwira kuja kumayamba kuchepa, ndipo kagalasi ka nitrite kamasintha madontho asanafike n'komwe pansi. Gulu loyamba lakhazikika. Mukatero muziwonjezera ammonia ikatsika, kuti lisafe ndi njala, koma osapitirira 2 ppm.

Chigawo chotsatira ndicho chotopetsa. Nitrite imakwera n'kukakamira pamwamba, pepo wokhawokha, sabata n'kutha, ina n'kulowa. Chifukwa chake n'cha masamu: 1 ppm ya ammonia imabala pafupifupi 2.7 ppm ya nitrite, ndipo imeneyo imadzabala 3.6 ppm ya nitrate. Ndiye 2 ppm yokha ya ammonia yapitirira kale 5 ppm, pomwe khadi la nitrite limathera. Kaya muli 6, kaya muli 15, mtundu ndi umodzimodzi, mwina ikutsika inu osadziwa. Kachenjerero kake n'kusakaniza mbali imodzi ya madzi a m'thanki ndi mbali zinayi za madzi abwino, kuyeza, n'kuchulukitsa kasanu. Ikakhala yochuluka mopitirira, chotsani theka la madzi. Simutaya mabakiteriya, paja ali pa siponji.

Nthawi imeneyi ndi imene amalume anabwera kudzacheza. Anaima kutsogolo kwa thanki, pampu ikulira, thovu likukwera. Anasuzumira kumbali, anawerama kuyang'ana kuseri kwa mwala.

"Kodi mphwanga, nsomba zakezo n'zazing'ono chotani, kapena ndi maso angawa?"

"Mulibemo nsomba, amalume. Ndikuweta kaye mabakiteriya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mayunitsi onsewa ukugulira tizilombo?"

Sindinawatsutse, chifukwa ananena zoona. Ana nawonso anali atatopa kufunsa. Chimene chinawagwira mtima ndi kuwapatsa ntchito yowerenga madontho ndi kusunga nthawi, moti wamkuluyo tsopano amakangana nane za kusiyana kwa 20 ndi 40 pa khadi la nitrate, mitundu iwiri imene kunena zoona opanga khadilo akanaisiyanitsa bwinoko.

Nyengo imalowererapo. Mabakiteriyawa amaswana bwino madzi akakhala pa madigiri 25 mpaka 30, ndipo akazizira amachita ulesi. Thanki yoyambidwa mu June kapena July ku Dedza kapena ku Mzuzu idzachedwa kuposa yoyambidwa mu October. Ngati muli ndi chotenthetsera madzi, chigwiritseni ntchito pa nthawi yokhwimitsayi, n'kudzachichotsa nsomba zisanalowe, chifukwa goldfish imakonda madzi ozizirirapo, cha pa 18 mpaka 23. China chimene chimaimitsa ntchito ndi pH. Mabakiteriya akamagwira ntchito amatulutsa asidi n'kumadya carbonate ya m'madzi, ndipo m'madzi ofewa pH imatha kugwa mwadzidzidzi. Ikafika cha pa 6, zonse zimaima. Mukaona manambala asiya kusuntha, yezani pH musanadandaule china. Mankhwala ake ali kukhitchini: soda wa m'paketi, yemwe uja timathira m'therere. Supuni yaing'ono imodzi pa malita 50 imakweza KH, muyeso wa carbonate ya m'madzi, ndi madigiri pafupifupi 4. Chidulo ayi, mphamvu yake siidziwika. Ndipo ngati m'thanki muli nsomba musamathire kamodzin'kamodzi chotero, pH ikalumpha imazipweteka.

Njira yachidule ilipo, ndipo ndi yakale ngati kukapala moto kwa aneba m'malo mopeka wako. Ngati mukudziwa munthu amene thanki yake yakhala miyezi nsomba zili bwino, m'pempheni chidutswa cha siponji ya m'sefa yake. Muchinyamule m'jumbo muli madzi a m'thanki momwemo, chisaume, chisakhale padzuwa, n'kukachiika m'sefa yanu tsiku lomwelo. Masabata 6 aja amatha kutsika kufika pa imodzi kapena awiri. Onetsetsani kokha kuti nsomba zake sizikudwala, chifukwa matenda a timadontho toyera totuluka pathupi la nsomba amayenda ulendo womwewo. Siponji ya m'sitolo yogulitsa nsomba ine sindingatenge, mumadutsa nsomba zambiri zosadziwika kochokera.

Mabotolo a mabakiteriya ogulitsa ndimawakayikira pang'ono. Ena amagwiradi ntchito, makamaka okhala ndi Nitrospira. Koma zili m'katimo n'zamoyo, ndipo botolo lomwe layenda masiku m'thiraki yotentha n'kukakhala pashelefu miyezi silingakhale ngati lotuluka kumene kufakitale. Mukagula, thirani, koma muziyezabe. Zolembedwa pabotolo zoti nsomba zilowe lero lomwe, aziyankhe ndi madontho.

Tsiku lina pepo uja amangozimiririka, pena usiku umodzi wokha. Musathamangire kusitolo. Thirani ammonia kufika 2 ppm, dikirani maola 24, yezani. Ammonia 0, nitrite 0, nitrate yakwera: sefa yakhwima. Bwerezani mawa lake kuti mutsimikize. Kenako sinthani madzi ambiri, ngakhale magawo atatu mwa anayi, kuti nitrate yomwe yaunjikana itsike, ndiye nsomba zilowe. Zikachedwa kubwera, pitirizani kudyetsa sefayo.

Ambiri amene akuwerenga pano nsomba anagula kale, kapena mwana anabwera nayo m'jumbo kuchokera kwa azakhali. Sikuti zatha. Ntchito ndi yomweyo, kungoti ammonia ikuchokera kwa nsombayo, ndipo inu muyenera kuisunga yochepa. Muziyeza tsiku lililonse. Ammonia kapena nitrite ikafika 0.5 ppm, sinthani gawo limodzi mwa atatu kapena theka la madzi, atsopanowo akhale ochotsedwa klorini ndiponso otentha mofanana ndi akalewo. Chakudya chichepe, kamodzi patsiku kapena kudumphitsa tsiku, goldfish siifa ndi njala ya masiku awiri ngakhale ikupemphe ndi maso achisoni. Nitrite ikavuta, mchere wa giramu 1 pa lita umathandiza, chifukwa chloride ya mumchere imalimbirana khomo ndi nitrite pa makha. Dziwaninso pH ya madzi anu. Ammonia m'madzi imakhala mitundu iwiri, wina woopsa kwambiri, wina wofatsa, ndipo choyezera chimaphatikiza yonse. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7 woopsayo sakwana 1 peresenti, koma pa pH 8 amapitirira 5 peresenti. Nambala yomweyo ya 0.5 ndi nkhani ina m'madzi a pamjigo olimba, ndi nkhani inanso m'madzi ofewa. Oweta mbuna za m'nyanja ya Malawi ku Ulaya ndi ku America amalidziwa bwino vutoli, chifukwa nsomba zathuzo zimafuna pH ya cha pa 8, pomwe ammonia siseweretsa.

Madzi amene mumathirawo nawonso ayezedwe asanalowe m'thanki. Apampopi ali ndi klorini, ndipo ntchito ya klorini ndi kupha mabakiteriya, sasankha kuti awa ndi oweta. Klorini wamba amauluka madzi akagona m'ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri. Koma abale a ku Johannesburg ndi Pretoria adziwe kuti Rand Water imagwiritsanso ntchito chloramine, imene siuluka chotero, ndipo ikaphwanyidwa imasiya ammonia pang'ono. Kumeneko mankhwala ochotsa klorini, monga Seachem Prime, ndi okakamiza. Madzi a pamjigo kapena pachitsime alibe klorini, koma amatha kubwera ndi nitrate yawoyawo, makamaka kufupi ndi zimbudzi kapena minda yothira feteleza. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligiramu 50 a nitrate pa lita. Mukayeza a pachitsime chanu n'kupeza kagalasi kafiira psuu, nkhaniyo yaposa ya nsomba, makamaka ngati pakhomopo pali khanda.

Sefa ikakhwima, ntchito yotsala ndi yosaipha. Siponji ikada muziifinyira m'ndowa ya madzi omwe mwachotsa m'thanki, osati pampopi, ndipo isachite kuyera, kubulauni kuja ndiye chuma chake. Zolembedwa pa mapaketi zoti muzisintha za m'sefa mwezi uliwonse zimapindulira ogulitsa. Ikang'ambika, ikani yatsopano pambali pa yakale kwa mwezi musanataye yakaleyo. Madzi muzisintha sabata iliyonse, gawo limodzi mwa atatu kapena kuposerapo, nitrate ikhale pansi pa 40 ppm, ndipo choyezera n'chimene chingakuuzeni ngati thanki yanu ikufuna zambiri.

Chotsala ndi magetsi. Mabakiteriyawa amafuna mpweya ngati nsomba yomwe, ndipo pampu ikaima madzi sayendanso m'sefa. Apa m'pamene siponji wamba imaposa masefa odula otsekeka aja okhala pansi pa tebulo. Siponji ili m'thanki momwe, mpweya umaifikabe pang'ono. Sefa yotsekeka ikaima maola ambiri mpweya umatheratu m'kati, ndipo magetsi akabwera imalavulira nsomba madzi onunkha ngati mazira owola. Ngati yanu ndi yotero, magetsi akazima nthawi yaitali izuleni pasoketi, tsegulani, zam'katizo muziike m'thanki kapena m'beseni la madzi a m'thanki. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena pawabanki n'kotchipa ndipo kamakwanira kuyendetsa siponji usiku wonse. Kakasowa, tungani madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa ola, makamaka mu October ndi November, chifukwa madzi otentha amasunga mpweya wochepa. Tsiku limenelo nsomba zisadye. Magetsi akabwera, yezani ammonia ndi nitrite mawa lake ndi mkuja, ndipo kagalasi kakangosintha mtundu pang'ono, sinthani madzi n'kuchepetsa chakudya mpaka manambala onse awiri abwerere pa ziro.